MAPHUNZIRO: Kodi mapanga awiri avumbwitsadi pa yunivesite?

M'chaka cha 2025 koleji ya Yale-NUS ya ku Singapore idatsazikana ndi gulu lake lomaliza la ophunzira, ndipo zitseko zake zidatsekedwa itaphunzitsa kwa zaka 12 zokha.

Kolejiyi idakhazikitsidwa ndi yunivesite ya Yale ya ku America mogwirizana ndi National University of Singapore, ndipo idalandira ophunzira ake oyamba mu 2013. Mfundo yake idali yakuti wophunzira aliyense, kaya mtima wake uli pa masamu kaya uli pa zolembalemba, ayambe walawa mbali zonse ziwiri asanasankhe phunziro loti azamepo. Mnyamata wofuna kudzakhala katswiri wa makompyuta ankakhala m'kalasi imodzi ndi mtsikana wofuna kudzalemba mbiri ya dziko lake. Onse ankawerenga maganizo a anthu anzeru akale a ku China, India ndi Greece, ndipo onse ankaphunzira kusanthula ziwerengero ndi kufufuza zinthu mwa njira ya sayansi.

Nkhani ya kutsekedwaku italengezedwa mu Ogasiti 2021, ophunzira ndi aphunzitsi adadandaula kuti sadafunsidwe maganizo, ndipo ena adafulumira kugamula kuti maphunziro ophatikiza alephera. Koma mwezi womwewo, pa yunivesite ya Singapore yomweyo, padachitika chinthu china chomwe sichidamveke patali. Nthambi zake ziwiri zikuluzikulu, ya sayansi ndi ya maphunziro a za anthu ndi chikhalidwe, zidalandira limodzi gulu loyamba la ophunzira pansi pa denga latsopano lotchedwa College of Humanities and Sciences. Kumeneko kumalowa ophunzira pafupifupi 2,000 pa chaka, pomwe Yale-NUS inkatenga pafupifupi 250. Aliyense wa iwo amathera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a digiri yake pa maphunziro ofanana okhudza mbali zonse ziwiri.

Nduna ya maphunziro ya panthawiyo, Chan Chun Sing, idauza nyumba ya malamulo mu Seputembala 2021 kuti kuphunzitsa wophunzira mmodzi pa Yale-NUS kunkadya ndalama zoposa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi mnzake wa sayansi kapena wa za chikhalidwe pa yunivesite yaikuluyo. Choncho chomwe Singapore idakana ndi mtengo. Mfundo yeniyeniyo idangosamutsidwa kuchoka m'kanyumba kokongola ka anthu ochepa kupita m'nyumba ya anthu ambiri.

Kusiyana kumeneku n'kofunika kwa mayiko a kum'mwera ndi pakati pa Africa, komwe ndalama za maphunziro apamwamba n'zoperewera. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, mwa achinyamata 100 alionse a msinkhu wopita ku yunivesite, pafupifupi 9 okha ndiwo amapeza malo. Kuno funso limabwera litasenza kale mtengo wake: kodi dziko lomwe likusowa madokotala ndi mainjiniya lingalole kuti wophunzira wake wa sayansi athere maola pa mbiri yakale ndi filosofi?

Digiri yake ndi yotani

Dzina limodzi likuphimba zinthu zosiyana, choncho ndi bwino kuyamba tadziwa chomwe chikukambidwa. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha University College London ya ku Britain, yomwe mu 2012 idayambitsa digiri yotchedwa Bachelor of Arts and Sciences, mwachidule BASc, motsogozedwa ndi Carl Gombrich. Maphunziro adagawidwa m'njira zinayi: ya za chikhalidwe, ya kayendetsedwe ka magulu a anthu, ya umoyo ndi chilengedwe, komanso ya sayansi ndi uinjiniya. Wophunzira amasankha njira imodzi yaikulu ndi ina yaing'ono, koma lamulo ndi lakuti ziwirizo zichokere kumbali zosiyana. Wozama pa uinjiniya ayenera kutengako monga mbiri kapena zachuma. Wozama pa zolembalemba ayenera kutengako monga masamu kapena bayoloje. Pamwamba pa izo, onse amaphunzira chilankhulo chachilendo, njira zosanthulira ziwerengero, ndi phunziro lofufuza momwe nthambi zosiyanasiyana za maphunziro zimadziwira zomwe zimati zikudziwa.

Yunivesite ya McMaster ya ku Canada idayamba kale zoterezi mu 1981, ndi kagulu ka ophunzira makumi angapo pa chaka. Ku Australia adatenga njira ina: wophunzira amalembetsa madigiri awiri nthawi imodzi, ya sayansi ndi ya za chikhalidwe, ndipo kawirikawiri amamaliza onse m'zaka 4 m'malo mwa zaka 6. Mu 2021 Gombrich yemwe uja adali m'gulu la omwe adatsekula London Interdisciplinary School, komwe maphunziro amayambira pa vuto lenileni, monga kusiyana kwa olemera ndi osauka, kenako n'kufunsa kuti ndi nzeru ziti zomwe vutolo likufuna.

Onsewa akuyankha dandaulo lakale. Mu 1959 C. P. Snow, yemwe adali wasayansi komanso wolemba mabuku a nthano, adalankhula ku Cambridge kuti anthu ophunzira agawika m'mitundu iwiri yosamvana chilankhulo. Adaloza chala sukulu za dziko lake la Britain, zomwe zinkakakamiza mwana kusankha mbali akadali wamng'ono. Dongosolo lomwe Snow ankadandaula nalo ndi lomwe Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana adalandira ngati cholowa pomwe ankayamba kudzilamulira.

Mphepo ikuwombera kwina

M'chigawo chino zaka za m'ma 2010 zidali za sayansi. Botswana idamanga yunivesite ya sayansi ku Palapye. Malawi idatsekula Malawi University of Science and Technology ku Thyolo mu 2014, chaka chomwe atsogoleri a African Union adavomereza ndondomeko ya zaka 10 yotukula sayansi ndi luso lamakono. Namibia idasandutsa politekiniki yake kukhala yunivesite ya sayansi mu 2015. Ku Zimbabwe, mu 2016, boma lidayamba kulipirira fizi ana a fomu 5 ndi 6 omwe adasankha masamu, fizikisi, kemisitire ndi bayoloje, pomwe anzawo a mbiri ndi zilankhulo ankadzionera okha. Ku Uganda zidafika poyera mu 2022, pomwe aphunzitsi a sayansi adakwezeredwa malipiro kwambiri, anzawo okhala nawo m'chipinda chimodzi n'kusiyidwa, mpaka kudabuka sitiraka.

Palibe chifukwa chonyozera maganizo amenewa. Ku Malawi dokotala sakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse, ndipo misewu ndi madamu akuluakulu m'mayiko ambiri a kuno amamangidwa ndi makampani akunja. Nduna ya zachuma yokhala ndi thumba lobooka ikasankha kuyamba ndi labotale, singanenedwe kuti yasokonezeka mutu.

Koma kamangidwe kotere ka mayunivesite kali ndi zotsatira zomwe sizikambidwa kawirikawiri. Mu 2021 University of Malawi idagawidwa patatu. Polytechnic idasanduka Malawi University of Business and Applied Sciences, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, ndipo Chancellor College ya ku Zomba idatsala ndi dzina lakale. Koleji ya Bunda idali itachoka kale n'kukhala maziko a yunivesite ya zaulimi ya LUANAR. N'zoona kuti makolejiwa adali m'mizinda yosiyana kuyambira kale, koma adali pansi pa ulamuliro umodzi. Lero wophunzira udokotala ku Blantyre wofuna kutenga phunziro la chikhalidwe ku Zomba akugogoda pa yunivesite ina, yokhala ndi malamulo ake, kalendala yake ndi fizi yake.

Chochititsa chidwi n'chakuti yunivesite ya sayansi ya ku Thyolo ija ili ndi nthambi yotchedwa Bingu School of Culture and Heritage, yophunzitsa nyimbo za mu Africa, zilankhulo ndi nzeru za makolo. Omwe adaikonza adazindikira kuti sayansi siyenda yokha. Komabe kukhala pa bwalo limodzi sikutanthauza kudyera mbale imodzi. Muyeso weniweni, pa yunivesite iliyonse ya mtundu uwu, ndi wakuti kodi wophunzira uinjiniya amaloledwa kulowa m'kalasi ya tsidya linalo n'kupatsidwa malikisi owerengedwa pa digiri yake.

South Africa idaona vutoli kuchokera mbali inayo. Mu 2011 malipoti awiri, lina la Academy of Science of South Africa ndi lina lomwe nduna Blade Nzimande idapempha Ari Sitas ndi Sarah Mosoetsa kuti atsogolere, adachenjeza kuti maphunziro a za anthu ndi chikhalidwe akufooka. Yankho lidali kukhazikitsa National Institute for the Humanities and Social Sciences mu 2013. Bungweli lathandiza ambiri kumaliza maphunziro a PhD, koma ntchito yake idali kulimbitsa gombe limodzi la mtsinje. Mlatho udatsala wosamangidwa.

Kumene sayansi yokha idakanika

Umboni wamphamvu woikira kumbuyo maphunziro ophatikiza ukupezeka m'midzi ya chigawo chino kuposa m'makalasi a ku London. Ku Nampula, kumpoto kwa Mozambique, ogwira ntchito zaumoyo akhala akuthamangitsidwa, kumenyedwa, ngakhale kuphedwa kumene pa nthawi za mliri wa kolera, anthu akuwaganizira kuti mankhwala a klorini omwe akuthira m'zitsime ndiwo akubweretsa matendawo. M'Chipwitikizi mawu awiriwa, cloro ndi cólera, amamveka mofanana, ndipo kudali kosavuta kwa akuluakulu kunena kuti vuto ndi umbuli chabe. Kafukufuku yemwe adatsogolera Carlos Serra wa pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, wofalitsidwa mu 2003, adaonetsa kuti muzu wake udali wakuya kuposa pamenepo. Anthu omwe adakhala zaka zambiri akudziona kuti boma lawataya sankakhulupirira kuti mlendo wobwera ndi botolo wabwera ndi zabwino. Klorini adalibe cholakwa. Chomwe chidasowa ndi munthu wodziwa mankhwalawo yemwe amadziwanso mbiri ya derali ndi kaganizidwe ka eni ake.

Ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu angapo, ndipo bungwe la United Nations lidachotsako antchito ake kwakanthawi. Ogwira ntchito zachipatala ndi ena mwa omwe adakhala mwamantha. Komatu wolemba mbiri Luise White adali atasindikiza kale mu 2000 buku lofotokoza momwe mphekesera zotere zidafalira kum'mawa ndi pakati pa Africa m'nthawi ya atsamunda, kuphatikizapo za banyama ku Zambia, ndi momwe zinkakhudzanirana ndi ntchito zachipatala ndi ulamuliro wa alendo. Ndi ophunzira zaumoyo angati m'chigawo chino omwe adapatsidwapo mwayi woliwerenga?

Mliri wa Ebola wa ku West Africa, womwe udapha anthu oposa 11,000 pakati pa 2014 ndi 2016, udaphunzitsa zomwezo. Ku Womey m'dziko la Guinea anthu 8 a gulu lophunzitsa za matendawa adaphedwa mu Seputembala 2014. Bungwe la World Health Organization lidachita kukonza njira yatsopano yoikira maliro, yoteteza ku matenda koma yolemekeza miyambo ndi zipembedzo, litaona kuti kulanda mitembo mokakamiza kunkangochititsa mabanja kubisa odwala awo.

Wotsutsa angayankhe kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe chifukwa chousenzetsera: lembani dokotala, lembaninso katswiri wa chikhalidwe, muwakweze galimoto imodzi. Ku Geneva kapena ku Johannesburg zimenezi n'zotheka. Koma ku Nsanje, ku Lundazi kapena ku Angónia gulu lonselo nthawi zambiri limakhala munthu mmodzi. Mlangizi wa zaulimi ndi yemwe amapima nthaka, ndi yemweyo amakambirana ndi amfumu za malire a dimba, ndi yemweyonso amalemba lipoti loti likakope opereka ndalama. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, n'kusiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa ku Malawi, nkhani yosamutsa midzi ya m'tsinde mwa mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje sidali ya miyala ndi mvula zokha. Idakhudza manda a makolo, ufumu, ndi umwini wa malo pakati pa anthu omwe mbumba imatsata kuchikazi. Dziko losauka ndilo likufunikira kwambiri munthu wa mbali ziwiri, chifukwa silingathe kulipira anthu awiri.

Ntchito zatsopano nazonso zikuloza komweko. Google Translate idalandira Chichewa mu 2014, ndipo mu 2019 kudabadwa gulu la Masakhane la ofufuza ofuna kuti makompyuta amve zilankhulo za mu Africa. Aliyense amene adayesapo kumasulira mwambi ndi makinawa akudziwa kuti ntchito ikadalipo. Woikwanitsa ayenera kudziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta, komanso kudziwa magulu a mayina ndi chifukwa chomwe mtengo wa m'nkhalango umasiyana ndi mtengo wa pa msika.

Chipata chili ku sekondale

Komabe, woganiza kuti nkhaniyi ingathere m'chipinda cha akuluakulu a yunivesite akulakwitsa. Mwana amafika pa yunivesite atasankhiridwa kale njira. Ku Zimbabwe wolowa fomu 5 amaikidwa m'gulu la sayansi, la zamalonda kapena la za chikhalidwe, ndipo kudumpha mpanda n'kovuta. Ku South Africa chisankho chimachitika polowa giredi 10, pakati pa masamu enieni ndi phunziro lopepukirapo lotchedwa Mathematical Literacy, lomwe limatseka khomo la madigiri ambiri a sayansi. Mu 2025 unduna wa maphunziro a m'dzikolo udavomereza kuti sukulu za boma zoposa 400 siziphunzitsa n'komwe masamu enieniwo. Ku Malawi sekondale zambiri zoyendera za kumidzi zilibe labotale, ndipo mwana amaloweza mtundu wa lawi lomwe sadalionepo ndi maso.

Pa University of Zambia, kwa zaka zambiri, wophunzira ankayamba walowa nthambi ya sayansi kapena ya za chikhalidwe, kenako n'kupikisana ndi anzake pa malikisi kuti apeze malo ku udokotala, uinjiniya kapena malamulo. M'mpikisano wotere phunziro lililonse la kunja kwa mzere limaoneka ngati chiopsezo. Mwana wochenjera amalipewa, ndipo palibe angamudzudzule.

Ngakhale University College London imayembekezera kuti wolembetsa BASc akhale atakhoza bwino kwambiri ndipo ataonetsa mphamvu kumbali zonse ziwiri. Muyeso wotere utabwera kuno osasinthidwa, digiriyi ingakhale ya ana a sukulu zodula okhaokha, omwe adali ndi labotale, laibulale ndi aphunzitsi okwanira kuyambira ali aang'ono.

Chitsanzo cha mu Africa chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi yunivesite ya Ashesi ya ku Ghana. Patrick Awuah, yemwe adaphunzira ku Swarthmore College ku America n'kugwira ntchito ku Microsoft, adaitsekula mu 2002 ku Accra ndi ophunzira 30. Idasamukira ku Berekuso mu 2011 ndipo idayamba kuphunzitsa uinjiniya mu 2015. Wophunzira aliyense, kaya wa makompyuta kaya wa zamalonda, amadutsa m'maphunziro ofanana a masamu, kulemba, utsogoleri ndi za Africa, ndipo omaliza maphunziro kumeneko ali ndi mbiri yabwino kwa olemba ntchito. Ashesi yaonetsa kuti mfundoyi imamera pa nthaka ya Africa. Koma ndi sukulu yaing'ono, yosakhala ya boma, ya fizi yokwera, ndipo ophunzira ake ochokera m'mabanja osauka amadalira thandizo la mabungwe monga Mastercard Foundation. Pa nkhani ya mtengo, Ashesi ili pafupi ndi Yale-NUS kuposa ndi yunivesite ya boma yomwe ophunzira ake amamvera phunziro ataima pa zenera.

Kupyola chipata cha sekondale, pali cha olemba ntchito. M'mayiko ambiri a kuno boma ndi mmodzi mwa olemba akuluakulu a anthu a madigiri, ndipo zotsatsa ntchito zake zimatchula digiri ndi dzina. Kalaliki wosankhula makalata amayang'ana dzinalo, ndipo digiri yomwe sili pa mndandanda imaikidwa pambali ngakhale mwini wake atakhala wanzeru chotani. Mabungwe ovomereza madokotala, mainjiniya ndi maloya ali ndi zofuna zawo, ndipo ali ndi chifukwa chomveka: palibe wofuna kuwoloka pa mlatho womwe adaukonza ndi munthu wophunzira uinjiniya theka. Tiyenera kunena poyera kuti BASc payokha situlutsa dokotala kapena injiniya wovomerezeka, ndipo wofuna ntchito zoterozo ayenera kupitirira ku digiri ina. Kwa banja lomwe lagulitsa ng'ombe kuti mwana amalize digiri yoyamba, uthenga wakuti pakufunikanso yachiwiri ndi wowawa.

Vutoli limakula munthu akadutsa malire. Mgwirizano wa SADC wa maphunziro udasainidwa ku Blantyre mu 1997, ndipo mayiko a bungweli adagwirizananso pa ndondomeko yoyerekezera ziphaso. Koma Mmalawi kapena Mzimbabwe wofuna ntchito ku South Africa ayenerabe kupereka satifiketi yake ku bungwe la SAQA kuti liipime. Bungwe lotere lingatsimikize kuti digiriyo ndi ya msinkhu wakutiwakuti, koma silingauze mwini fakitale ya ku Durban kuti munthuyu amadziwa kemisitire yochuluka bwanji.

Apa ndi pomwe makolo amakumbukira mwambi wa mapanga awiri, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Digiri yogawidwa pakati ndi pakati, yopanda phunziro limodzi lomwe munthu wazamapo mpaka pansi, imatulutsa wodziwa kulankhula za chilichonse koma wosakwanitsa kuchita chilichonse. Malo omwe maphunzirowa ayenda bwino sadatero. Ku London kuli njira yaikulu ndi yaing'ono. Ku Singapore wophunzira amakhalabe ndi phunziro lake lalikulu. Munthuyo ali ndi phanga limodzi logonamo, kungoti amadziwanso njira yopita ku linalo.

Zomwe zilipo kale

Nthawi ndi ndalama. Mu 2013 gulu lomwe Council on Higher Education ya ku South Africa idasankha, motsogozedwa ndi Njabulo Ndebele, lidapeza kuti pafupifupi wophunzira mmodzi yekha mwa anayi amamaliza digiri m'nthawi yoikika, ndipo lidapempha kuti digiri ya zaka 3 iwonjezeredwe chaka, mwa zina kuti pakhale mpata wa maphunziro otambasuka. Pempholi silidakwaniritsidwe. Ku Malawi, Zambia ndi Botswana digiri yoyamba imatenga kale zaka 4, ngakhale kuti chaka choyamba chimathera kwambiri pa kukwirira maenje omwe sekondale idasiya. Komabe mpata ulipo pang'ono, ndipo sufuna nyumba yatsopano.

Ku Zomba, pa Great East Road ku Lusaka, ku Mount Pleasant ku Harare, ku Gaborone ndi ku Maputo, nthambi za sayansi ndi za chikhalidwe zili pa yunivesite imodzi, ndipo wa fizikisi ndi wa filosofi amakumana pa mzere wa chakudya. Aphunzitsi a mbali zonse ziwiri akulandira kale malipiro. Rhodes University ya ku Makhanda imadziwika ndi kulola ophunzira kusankha maphunziro m'nthambi zosiyana, ndipo sidafunikire chuma cha Singapore kuti itero. Zomwe zimatchinga kawirikawiri ndi zazing'ono moti n'zochititsa manyazi kuzitchula. Nthawi ya labotale imagundana ndi ya kalasi ya mbiri chifukwa palibe adaganizapo kuti munthu mmodzi angafune zonse ziwiri. Nthambi zimawerenga mitu ya ophunzira ake pogawana ndalama ndi aphunzitsi, choncho wophunzira wodutsa mpanda amaoneka ngati mbuzi yothawa m'khola. Mphunzitsi amakwezedwa pa udindo chifukwa cha zomwe wasindikiza m'phunziro lake, ndipo kuphunzitsa ana a nthambi ina sikumuwonjezera kanthu.

Palinso msampha womwe mayunivesite ambiri a kuno adagwamo kale. Pafupifupi kulikonse kuli phunziro la chaka choyamba la luso lolankhula ndi kulemba, kapena la makompyuta, lomwe aliyense amakakamizidwa kutenga. Nthawi zambiri limaphunzitsidwa m'holo yodzaza, ndipo ophunzira amalitenga ngati msonkho wongopereka kuti adutse. Kuwonjezera maphunziro ena awiri a mtundu womwewo n'kuwatcha kuphatikiza sayansi ndi chikhalidwe kungakhale kudzinamiza. Wophunzira za madzi amene akutenga mbiri ayenera kufika nayo mpaka chaka chachitatu, alembe mayeso omwewo ndi anzake a mbiri, ndipo kafukufuku wake womaliza aunikidwe ndi aphunzitsi a mbali zonse ziwiri. Zikatero mtengo umakwera ndithu, koma sufika powirikiza kawiri.

Mayunivesite sangathe okha. Mabungwe opereka ngongole kwa ophunzira ayenera kuvomereza digiri yotere, ndipo nthambi yolemba antchito a boma iyenera kuyamba kutchula luso lofunika m'malo mwa dzina la digiri lokha. Popanda ziwirizi, yunivesite yoyambitsa maphunzirowa ingakhale ikutumiza ana a anthu ku msika ndi ndalama yomwe ogulitsa saidziwa.

Ku Singapore gulu loyamba la College of Humanities and Sciences lidamaliza maphunziro mu 2025, chaka chomwecho chomwe Yale-NUS idatseka. Dzikolo limachita kafukufuku chaka ndi chaka wofunsa omaliza maphunziro ngati apeza ntchito ndi malipiro omwe akulandira, ndipo zotsatira zake zimalengezedwa poyera, digiri ndi digiri. Pakatha zaka zingapo makolo a kumeneko adzatha kuona ndi ziwerengero ngati ana awo adavumbwa kapena ayi. M'chigawo chino ndi mayunivesite ochepa omwe amatsata ophunzira awo mwa njira yotere, ndipo nduna zomwe zikugamula za maphunziro oyenera ndalama za boma nthawi zambiri zimatero popanda kudziwa komwe omaliza maphunziro a zaka zisanu zapitazo ali lero.